Situdiyo ya nkhani pa kanema: tebulo lenileni, nsalu yobiriwira kapena khoma la masikirini?

Wailesi ya kanema ikasintha situdiyo yowerengeramo nkhani, anthu amazindikira usiku womwewo. Tebulo ndi lina, mitundu ndi ina, kanyimbo kotsegulira kasintha, mwinanso pampando pakhala nkhope yachilendo. Ena amati tsopano tafanana ndi anzathu akunja, ena amati zakale zija ndiye zinali bwino. Mkangano umenewu ndimaukonda, chifukwa umasonyeza kuti anthu amaonera nkhani ndi mtima wonse. Chondidandaulitsa n'choti nthawi zambiri umathera pa kukongola. Ine muyeso wanga ndi uwu: kodi mayi amene akuonera ali pabalaza ku Ndirande, kapena mnyamata amene wagwira foni ku Johannesburg, wamva bwino zomwe zachitika lero?

Kanema anafika mochedwa kwathu kuno. M'nthawi ya a Kamuzu kunalibe, ndipo TVM inayamba kuulutsa mu 1999, kenako n'kudzaphatikizidwa ndi MBC. Pambuyo pake panabwera Luntha ku Balaka, Times, Zodiak, Mibawa ndi ena ambiri. Koma woonera wa ku Malawi ali ndi rimoti m'manja, ndipo pa dikoda imodzimodziyo amadumphira ku eNCA, SABC News, Newzroom Afrika, BBC, CNN ndi Al Jazeera. Akabwerera kwathu amafuna aone zofanana. Eni nyumba zoulutsira mawu nawonso amafuna zomwezo, kungoti thumba lawo si lofanana ndi la ku London. Ndiye tiyeni tiziyale njirazi, tione chomwe iliyonse imapereka ndi chomwe imalanda.

Situdiyo yomanga ndi manja

Njira yakale kwambiri ndi yomanga zinthu zenizeni: tebulo logwirika, khoma la matabwa kapena pulasitiki lokhala ndi chizindikiro cha wailesiyo, sikirini imodzi kapena ziwiri, ndi nyali pamwamba. Zomwe woonera akuona ndi zomwenso wowerenga nkhani akuona. Akatembenukira kwa mlendo, mlendoyo alipodi. Akatsamira pa tebulo, chithunzithunzi cha mkono wake chimagwera pomwe chiyenera kugwera, ndipo diso la munthu limakhulupirira zinthu zotere osaziganizira n'komwe.

Ubwino wake waukulu kwa ife uli pa ndalama. Kalipentala waluso wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe atha kupanga tebulo ndi khoma, n'kulipidwa ndi kwacha. Kumbukirani kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa. Chipangizo chilichonse choitanitsa kunja chimadula kawiri, pogula ndi pokonzetsa. Thabwa likathyoka mumaitana mmisiri wapafupi.

Ubwino wina, womwe ambiri sautchula, ndi wa kawalitsidwe. Khungu lakuda limafuna nyali zoikidwa mosamala: ina kutsogolo yofewa, ina yochepetsa mdima wa mbali inayo ya nkhope, ina kumbuyo yolekanitsa mutu ndi mapewa ku khoma. Mu situdiyo yeniyeni woyatsa nyali amangoganizira za munthuyo. Akalakwitsa n'kuika khoma loyera kwambiri kumbuyo, kamera imatsatira kuwala kwa khomalo ndipo nkhope imada mpaka maso okha ndiwo amaoneka. Khoma la mtundu wozama pang'ono limathetsa vutoli popanda kugula china chilichonse.

Kuipa kwake n'koti imatenga chipinda chonse n'kukhala momwemo. Wailesi zambiri zazing'ono zili ndi chipinda chimodzi choulutsiramo nkhani, zamasewero, zokambirana ndi mapemphero, ndiye anyamata amakhalira kukoka tebulo uku ndi uku mpaka m'mphepete mwake mutanyotsoka. Kamera zamakono sizibisa zokalika. Situdiyo yotere imakalambanso, ndipo pakapita zaka zingapo imafuna utoto ndi kukonzedwa.

Nsalu yobiriwira

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa iyi ndi njira yomwe imakopa kwambiri wailesi zatsopano ndiponso yomwe imalakwika kwambiri. Wowerenga nkhani amakhala patsogolo pa nsalu kapena khoma lobiriwira. Kompyuta imachotsa mtundu wobiriwirawo paliponse pomwe yaupeza, n'kuikapo chithunzi cha situdiyo yojambulidwa. Mtunduwu anausankha chifukwa uli kutali ndi mtundu wa khungu la munthu, komanso kamera zimauona bwino. Ndi kachipinda kamodzi mutha kukhala ndi situdiyo ya nkhani m'mawa, ya masewero masana, ya zokambirana usiku. Mapulogalamu a pa kompyuta monga vMix amachita zimenezi, ndipo OBS ndi yaulere. Ndani sangakopeke?

Akuluakulu enanso amaigwiritsa ntchito. BBC inali ndi situdiyo yomwe gawo lalikulu linali lojambulidwa ndi kompyuta kale mu 1993. ITV News ya ku London yakhala ikuwerengera nkhani m'chipinda chobiriwira kwa zaka zambiri. ZDF ya ku Germany inatsegula situdiyo yotere ku Mainz mu 2009, ndipo inawononga pafupifupi mayuro 30 miliyoni. Chiwerengero chimenecho chikutiuza zambiri. Nsalu ndi yotchipa, koma kuti bodza la nsaluyo likhulupirike pamafunika ndalama zochuluka. Kwa anzathuwo kamera iliyonse ili ndi zida zouza kompyuta pomwe yaima ndi komwe yaloza, kotero kamera ikasuntha, chithunzi cha kumbuyo chimasunthanso moyenera. Popanda zida zimenezo kamera iyenera kuima chilili. Ikangogwedezeka, wowerenga nkhani amaoneka ngati akuyandama pamwamba pa chithunzi.

Nsaluyo imafuna kuwala kofanana paliponse, yopanda makwinya ndi zithunzithunzi. Munthu ayenera kutalikirana nayo ndi mamita angapo, chifukwa akayandikira, kubiriwirako kumawalira pa mapewa, m'makutu ndi m'mbali mwa nkhope. Kompyuta ikamayesa kuchotsa kubiriwira kumeneko imadya ndi munthu yemwe. Ndi chifukwa chake mumaona m'mphepete mwa tsitsi mukunjenjemera, makamaka tsitsi loluka lomwe lili ndi timipata, kapena magalasi a maso akubowoka. Kachipinda kakang'ono, komwe ndi chifukwa chenicheni chosankhira njirayi, ndi komwenso sikalola kutalikirana koteroko.

Palinso nkhani ya zovala, ndipo kwa ife si yaing'ono. Zitenje zathu zambiri zili ndi masamba ndi mizere yobiriwira. Mbendera ya dziko lathu ili ndi mzere wobiriwira pansi. Tsiku la 6 Julayi, wowerenga nkhani akavala nsalu ya mitundu ya mbendera kapena kuika kambendera pa tebulo, gawo lina limasowa. Wowerenga nkhani mutha kumuuziratu chovala. Nanga mfumu kapena mayi wa bungwe amene mwamuitana, wayenda ulendo wautali atavala chovala chake chaulemu, mungamuuze kuti akasinthe? Mlendo wosazolowera amasokonezekanso, chifukwa amauzidwa kuti ayang'ane tchati chomwe iye sakuchiona.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zithunzi za situdiyo zongotsitsa pa intaneti. Mumaona holo yaikulu ya magalasi, masitepe omwe palibe amene adzakwerepo, nyumba zosanjikizana za mzinda womwe si wathu, ndipo pakati pake pali munthu mmodzi akunena za mtengo wa feteleza ku Mchinji. Woonera sapusitsika. Amadziwa kuti holoyo kulibe, ndipo pulogalamu yomwe ntchito yake yonse ndi kunena zoona siyenera kuyamba ndi chithunzi chomwe aliyense akuona kuti n'chonama.

Sindikunena kuti nsaluyi itayidwe. Pa zanyengo ndi yosasowa. Pamene namondwe Freddy ankasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, chomwe banja la ku Phalombe, Mulanje kapena Chilobwe linkafuna ndi munthu woima pambali pa mapu, akuloza komwe mvula ikulowera ndi mitsinje yomwe ingasefukire. Pa zotsatira za chisankho, pa kufotokoza bajeti, pa kusonyeza momwe matenda a kolera akufalikira m'maboma, nsalu yobiriwira imagwira ntchito yooneka. Ikhale pakona, ya mphindi zitatu za kufotokoza, osati nyumba yonse ya nkhani.

Khoma la masikirini

Iyi ndi yomwe ili m'fasho. Tagesschau, pulogalamu ya nkhani ya wailesi ya ARD ku Hamburg m'dziko la Germany, inatsegula situdiyo yatsopano mu 2014 yokhala ndi khoma la zithunzi lotalika pafupifupi mamita 18, ndipo mtengo wake unayandikira mayuro 24 miliyoni. BBC inasamutsira nkhani zake za 6 koloko ndi 10 koloko usiku mu situdiyo yatsopano mu Juni 2022, momwe muli masikirini akuluakulu ndipo wowerenga nkhani amayenda kuchoka pa ina kupita pa ina. Njirayi imatenga zabwino za ziwiri zija. Chithunzi chimasintha ndi nkhani iliyonse, koma chilipodi, wowerenga akuchiona, ndipo atha kuvala chomwe akufuna.

Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Khomalo limadya magetsi ndipo limatentha, ndiye pamafunika makina oziziritsa, omwe phokoso lake siliyenera kulowa m'maikolofoni. Ife tikukumbuka zomwe zinachitika namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022: dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yopitirira chaka. Situdiyo yotere ikamayendera jenereta, aliyense amene anaimapo pamzere wa dizilo akudziwa tanthauzo lake. Kagawo kamodzi ka khomalo kakafa pamatsala kabokosi kakuda kumbuyo kwa mutu wa wowerenga nkhani mpaka china chitabwera kuchokera kunja. Kamera ikayang'anitsitsa khomalo pamabuka timizere tovinavina, tofanana ndi tomwe timaoneka munthu akavala malaya a mizere ing'onoing'ono.

Koposa zonsezi, khomalo ndi lanjala. Nkhani iliyonse imafuna chithunzi chake chachikulu ndi chakuthwa, mapu ake, manambala ake olembedwa bwino. Pamafunika gulu la akatswiri okonza zithunzi tsiku lililonse. Wailesi yopanda gulu limeneli imathera poika chizindikiro chake chikuzungulira pa khomalo kwa theka la ola, ndipo pamenepo yagula pepala la pakhoma lodula kwambiri.

Pali njira yapakati yomwe ndimaiyamikira: kanema mmodzi wamkulu wa m'sitolo, woikidwa pambali pa wowerenga nkhani mu situdiyo yomanga ndi manja. Amasonyeza mapu, nkhope ya mtolankhani amene akuyankhula kuchokera ku Karonga, kapena mitengo ya chimanga. Akawonongeka, wina amapezeka mumzinda momwemo.

Kuwerengera pomwe atolankhani akugwira ntchito

CNN itayamba ku Atlanta mu 1980 inaika owerenga nkhani patsogolo pa chipinda cha atolankhani. BBC itasamukira ku Broadcasting House mu 2013 inachitanso chimodzimodzi, pomwe Sky News mu 2016 inaika situdiyo ya magalasi pakati pa nyumba yake ya ku Osterley. Uthenga wake ndi woti nkhani zikuphikidwa pompano. Zimakoma ngati chipindacho chili ndi anthu ambiri usana ndi usiku. Kwathu, nthawi ya nkhani za madzulo atolankhani ambiri amakhala ataweruka kapena ali kunja, ndipo matebulo opanda anthu amapereka uthenga wosiyana ndi womwe mumafuna. Pamafunikanso galasi lotchinga phokoso. Njira iyi ndingaisiye.

Yomwe sindingasiye ndi yotulutsa wowerenga nkhani kupita naye pamalo: ku Nyumba ya Malamulo tsiku la bajeti, kumalo olengezera zotsatira za chisankho, ku msasa wa anthu othawa madzi. Imafuna intaneti yodalirika ndi maikolofoni yopirira mphepo, koma masiku ochepa amenewo pa chaka amapatsa wailesi ulemu woposa wa khoma lililonse.

Ndipo pali tsiku lina lomwe liyenera kutikumbutsa malire a nkhani yonseyi. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a bwalo loona za malamulo aakulu a dziko anawerenga chigamulo chawo pa mlandu wa chisankho cha 2019 kuyambira m'mawa mpaka usiku. Dziko lonse linatchera khutu ku mawu okha ochokera m'bwalomo, ndipo panalibe amene anasuntha. Anthu amapirira chithunzi chosakongola ngati mawu akumveka ndipo nkhaniyo ikuwakhudza. Mawu akamalira ngati ali m'mgolo, kapena a mtolankhani akakhala otsika kuposa a mu situdiyo mpaka woonera azingokweza ndi kutsitsa, amasintha tchanelo. Makatani okhuthala ndi zofewa zomata m'makoma, pamodzi ndi maikolofoni yabwino ya pachifuwa, n'zotchipa poyerekeza ndi china chilichonse chomwe ndatchula, ndipo ndi zomwe ziyenera kugulidwa poyamba.

Wowerenga mmodzi kapena awiri

Wowerenga mmodzi amamanga ubale. Walter Cronkite anawerenga nkhani za madzulo pa CBS kuyambira 1962 mpaka 1981, ndipo Amereka ambiri anamva za imfa ya mtsogoleri wawo John F. Kennedy kuchokera pakamwa pake. Trevor McDonald, wobadwira ku Trinidad, anakhala yekha pa News at Ten ya ITV kuyambira 1992. Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha pafupi. Mayi Noxolo Grootboom anagwira ntchito ku SABC zaka 37 ndipo ankawerenga nkhani m'Chixhosa. Tsiku lawo lomaliza mu Malichi 2021, mtsogoleri wa dziko la South Africa a Cyril Ramaphosa anachedwetsa uthenga wawo ku mtundu kuti anthu aonere kaye mayiwa akutsanzika. Ulemu umenewu unapita kwa munthu wowerenga nkhani m'chiyankhulo cha anthu, osati m'Chingerezi.

Kuopsa kwake n'koti chikhulupiriro chonse chimakhala pa munthu mmodzi. Mu 2015 NBC ya ku Amereka inaimitsa wowerenga nkhani wake Brian Williams kwa miyezi 6 zitadziwika kuti ananena zosaona za helikopita yomwe anakwera ku Iraq mu 2003, ndipo mpando wake unapita kwa Lester Holt. Ngakhale popanda cholakwa, anthu amachoka. Kwathu aulutsi odziwika amaitanidwa kukagwira ntchito m'boma, m'mabungwe ndi m'makampani. A Brian Banda anachoka ku Times mu 2020 kukakhala mneneri wa mtsogoleri wa dziko, n'kudzabwereranso pambuyo pake. Wailesi yanzeru imakhala ikulera wachiwiri ndi wachitatu, kuwapatsa nkhani za Loweruka ndi Lamlungu mpaka oonera atawazolowera.

Awiri amapeputsana ntchito. Wina akamayankhula, mnzake akumvera mkonzi m'khutu kapena kukonzekera nkhani yomwe yangofika, ndipo kusinthana kwa mawu kumathandiza kuti pulogalamu yaitali isatopetse. Chet Huntley ali ku New York ndi David Brinkley ali ku Washington anawerengera limodzi pa NBC kuyambira 1956 mpaka 1970 ndipo zinayenda. Koma kuphatikiza anthu si masamu. ABC inaika Barbara Walters pambali pa Harry Reasoner mu 1976 ndipo kusagwirizana kwawo kunkaonekera pa kanema. CBS inayesa Dan Rather ndi Connie Chung mu 1993, n'kusiya mu 1995. Awiri amafunanso kamera yowonjezera, tebulo lalikulu ndi malipiro awiri. Pa nkhani za theka la ola mmodzi akukwana. Pa pulogalamu ya m'mawa ya maola awiri kapena usiku wa chisankho, awiri ndi oyenera.

Za kuima kapena kukhala sindichedwapo. Kirsty Young anadzidzimutsa Angerezi mu 1997 pa Channel 5 powerenga nkhani atakhalira m'mphepete mwa tebulo, ndipo kuyambira pamenepo ambiri anayamba kuimirira. Imani ngati pali chinthu choti muloze. Ngati palibe, khalani pansi, manja apeze pokhala.

Kusiyana kofunika kwambiri kuli pakati pa wongowerenga ndi mtolankhani wowerenga. Tagesschau imagwiritsa ntchito anthu owerenga zomwe akonzi alemba, modekha, osaikapo maganizo awo, ndipo Ajeremani amaikhulupirira. Njira inayo ndi ya munthu amene walemba nawo nkhanizo, wotha kufunsa nduna funso lachiwiri ikazemba loyamba, wotha kupitiriza kuyankhula makina owerengera, omwe amamuonetsa mawu oti anene, akazima. Wailesi yokhala ndi akonzi amphamvu itha kuyenda ndi woyambayo. Yokhala ndi akonzi ochepa ikufunika wachiwiriyo, chifukwa iye ndi mlonda womaliza cholakwa chisanatuluke.

Pa nkhani za m'Chichewa mfundoyi imakula. Kawirikawiri zimalembedwa m'Chingerezi kaye, wina n'kuzimasulira mothamanga, ndipo zimatuluka ziganizo zazitali zomwe palibe munthu angayankhule kunyumba kwake. Wowerenga amene Chichewa chili m'magazi amakonza yekha asanalowe mu situdiyo. Amadziwa kutchula Nkhotakota, Chikwawa ndi Mzimba momwe eni ake amatchulira, amadziwa kupuma pakati pa nambala yaitali ya bajeti kuti agogo aitsatire, amadziwa mawu oyenera polengeza maliro a mfumu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zokhala ndi kanema zinali pafupifupi 12 pa 100 zilizonse, ndiye kanema mmodzi amaoneredwa ndi anthu ambiri, pagolosale, kumalo ometera, kwa aneba. Ambiri mwa iwo nkhani amazimva bwino m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Nkhani zimenezi zikamapatsidwa wowerenga wongoyamba kumene, mphindi zochepa ndi nthawi yotsalira, ndiye kuti wailesiyo yasankha kutumikira ochepa.

Nthawi ya nkhani

Kusintha situdiyo anthu amakuzolowera pa sabata imodzi. Kusintha nthawi kumapweteka kwa zaka. Tagesschau imayamba 8 koloko usiku n'kutha pakatha mphindi 15, ndipo yakhala choncho kwa nthawi yaitali kotero kuti wailesi zina za ku Germany, ngakhale zopikisana nayo, zimayamba mapulogalamu awo akuluakulu nthawi ya 8:15.

ITV inachita zosiyana. News at Ten inayamba mu 1967 ndipo inakhazikika m'miyoyo ya anthu. Mu 1999 akuluakulu anaichotsa kuti mafilimu ndi masewero azionetsedwa osadulidwa pakati. Chaka chotsatira BBC inasamutsa nkhani zake za 9 koloko n'kuziika pa 10 koloko pomwe panatsala poyera. ITV inabwezeretsa pulogalamuyo mu 2001 koma masiku ena okha pa sabata, kenako inaikankhira ku 10:30, n'kudzabwereranso pa 10 koloko mu 2008. Pofika nthawiyo oonera ambiri a ola limenelo anali atakhazikika ku BBC.

Kwathu vuto silikhala kusamutsa kolengezedwa. Limakhala la nkhani zoyamba mochedwa chifukwa msonkhano womwe ukuulutsidwa pomwepo watalika, mpira sunathe, kapena malonda achuluka. Nkhani za madzulo zimalukana ndi zochitika za pakhomo, nthawi ya nsima, ana asanagone, magetsi asanazime. Munthu akakhala pansi kawiri katatu n'kupeza zina, amapita kwina. Ngati mwambo watalika, ndi bwino kuudula, kapena kulemba pansi pa sikirini nthawi yeniyeni yomwe nkhani ziyambe, n'kuisunga.

Kutalika kwake kutsatire kuchuluka kwa atolankhani. CBS inachoka pa mphindi 15 kupita pa 30 mu 1963, ndipo ITV inatalikitsa nkhani zake za madzulo kufika ola lathunthu mu Malichi 2022, koma onsewa ali ndi anthu odzaza nthawiyo. Ola lathunthu lopanda atolankhani m'maboma limadzazidwa ndi misonkhano ya m'mahotela ndi zolankhula za alendo olemekezeka, ina pambuyo pa inzake. Mphindi 20 zokhala ndi nkhani ya ku Nsanje, ya ku Ntchisi ndi ya ku Chitipa zimaposa pamenepo. Kuphatikiza mapulogalamu pofuna kupulumutsa ndalama nakonso kuli ndi mtengo wake. BBC itaphatikiza tchanelo chake cha nkhani za m'dziko ndi cha nkhani za kunja mu Epulo 2023, oonera a ku Britain anadandaula kuti nkhani za kwawo zachepa.

Ndikanakhala ndi thumba la wailesi yaing'ono

Ndikanayamba ndi mawu, kenako nyali, kenako makina owerengera ndi batire losunga magetsi kuti jenereta ikamadzuka pulogalamu isaduke. Ndikanamanga situdiyo yeniyeni yosachulutsa zokongoletsa, ya kanema mmodzi pambali, ndi kakona kobiriwira ka zanyengo ndi mapu. Ndalama yotsala, yomwe ikanapita ku khoma la masikirini, ndikanagulira atolankhani a m'maboma mafoni ojambula bwino, timaikolofoni, bandulo ndi ndalama yoyendera. Wailesi yaikulu yomwe ili kale ndi okonza zithunzi komanso magetsi odalirika itha kuganiza za khomalo. Ya pa Facebook kapena YouTube yokha isavutike n'komwe ndi situdiyo yojambulidwa ndi kompyuta: khoma laukhondo, nyali ziwiri zitatu ndi maikolofoni yabwino zikwana.

Pokonza maonekedwe, malo awiri asaiwalike. Oyamba ndi a womasulira m'chinenero chamanja. Kabokosi kake kakachepa mpaka zala kusaoneka, kapena kakaphimbidwa ndi chizindikiro cha kampani yothandiza pulogalamu, abale athu osamva atsekeredwa kunja ngakhale womasulirayo alipo. Malo ake alingaliridwe pojambula pulani, osati kumuphatika pomaliza. Achiwiri ndi a zolemba za m'munsi. Ambiri tsopano amaonera pa foni, ndipo dzina la woyankhula, udindo wake ndi malo omwe ali ziyenera kuwerengeka pa kasikirini ka m'manja. Mizere iwiri itatu ya mawu othamanga nthawi imodzi imangotsekereza chithunzi.

Chenjezo lomaliza likuchokera ku South Africa. ANN7 inayamba kuulutsa mu Ogasiti 2013 ili ndi zipangizo zatsopano, koma masiku ake oyamba anatchuka ndi zolakwika: owerenga nkhani kusowa chonena, zolemba zolakwika, kamera kuonetsa zosayenera kuoneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbiri imeneyo inaimamatira, ndipo tchanelocho chinatsekedwa mu 2018 chitasintha kale dzina ndi mwini wake, pa zifukwa zinanso zokhudza eni ake oyamba a banja la Gupta. Malo ake pa DStv anatengedwa ndi Newzroom Afrika mu 2019. Situdiyo yatsopano imasintha pomwe aliyense amaima, kamera yomwe wowerenga ayang'ane ndi batani lomwe wosakaniza zithunzi akanikize. Musanaionetse ku mtundu, chitani pulogalamu yonse mobisa kwa masiku angapo, pa nthawi yake yeniyeni, muijambule, muionere pa kanema wakale ndi pa foni yotchipa. Ndipo musasinthe situdiyo, wowerenga nkhani ndi nthawi pa sabata imodzi. Sinthani chimodzi, zinazo zidikire miyezi ingapo, kuti anthu akadandaula mudziwe chomwe akudandaula.